Bambo Amene Sanaulule Nthawi Yodzala Nsawawa

Panali munthu wina kumapiri a ku Dedza amene ankatchuka ndi ulimi wa nsawawa. Za anzake zinkaola kapena kupserera, koma zake zinkabereka mpaka timitengo toyangira kuwerama. Mbewuyo inali yakalekale, yomusiyira amayi ake, ndipo pamsika sinkapezeka.

Luso lake lonse linali pa nthawi yodzala. Mvula yoyamba ikagwa, mbewuyo sankaikhudza. Ankadikira kuti mvula itope, mphepo yozizira iyambe kutsika m'phiri. Zikatero ankapita yekha kumunda, osauza munthu.

Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna. Tsiku lina mwanayo anafunsa kuti, "Bambo, mumadziwa bwanji kuti nthawi yakwana?"

Iye anayankha kuti, "Ndikadalipo ine. Ukuthamangira chiyani?"

Zinkamukomera anthu akamanena kuti nsawawa zimamvera iye yekha. Mwanayo ataona kuti kumundako sakufunikako, anapita kutauni kukagwira ntchito.

Patapita zaka, bamboyo anagwa pakhomo. Anatsitsimuka, koma mbali imodzi ya thupi inali itafa, ndipo lilime linakana kutembenuka. Nzeru zokha ndi zimene zinatsala zonse. Mwana uja anasiya ntchito n'kubwerera kudzawasamalira. Ankawasambitsa, kuwadyetsa, ndipo m'mawa ankawakhazika pakhonde kuti aothere dzuwa.

Mvula yoyamba itagwa, mudzi wonse unathamangira kuminda. Mwanayo anatsitsa thumba la mbewu ija kudenga, nagwada pamaso pa bambo ake.

"Bambo, musadandaule. Munda wanu sugona chaka chino. Ndikukadzala zonse."

Bamboyo anayesa kufuula kuti nthawi sinakwane. Pakamwa panangotuluka kubuula. Anakweza dzanja lamoyo lija kuti amuletse, misozi ikutsika. Mwanayo anagwira dzanjalo ndi manja awiri, poganiza kuti akumudalitsa.

"Zikomo, bambo," anatero, nanyamula khasu.

Nsawawazo zinamera bwino. Kenako kunabwera mvula yamvumbi, dzuwa lotentha n'kutsatira. Mizu inaola, masamba anachita chikasu, ndipo sanatolemo ngakhale zodzaza dzanja. Mwanayo anabwera n'kukhala pansi, nati, "Ndakulakwirani, bambo. Manja angawa ndi oipa."

Bamboyo ankadziwa kuti wolakwa si mwanayo. Koma ngakhale zimenezo sanathe kumuuza.

Inu amene mukundimva, pali china chimene mumadziwa, chimene mwana wanu sadziwa. Mwina ndi za kumunda, mwina ndi malire a malo a makolo, mwina ndi mawu oti, "Unachita bwino." Mukuganiza kuti mudzanena tsiku lina. Pakamwa panu pakadali potseguka lero. Mukafika kunyumba, muitaneni akhale pansi.