Baji ya Mtisunge ndi Zala za Bambo Ake

Pali anthu ena amene anabadwa ndi zala zoyabwa. Sikuti ndi akuba ayi, kungoti chinthu chovundikira chimawasowetsa mtendere. A Amosi Nakoma, mlonda wa pafakitale ya tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, anali a mtundu umenewu. Mnzawo akagula foni, iwo ankafuna aone kaye kuti m'kati mwake muli zotani. Akazi awo, a Lestina, akatereka mbatata, ankadziwiratu kuti chivundikiro chitukulidwa kangapo isanapse. Kumalaini konse, kunyumba za antchito a paesitetipo, ankawaseka nazo, koma munthuyo analibe mtima woipa, ndipo mwana wawo wamkazi, Mtisunge, ankamukonda koopsa.

Mtisungeyo anali mu Sitandade 6, msikauti wachangu. Anzake anali atasokerera kale mabaji pamikono ya mayunifolomu, wina ya kumanga mfundo za chingwe, wina ya chithandizo choyamba. Iye anasankha yowawa, ya ulimi: kumeretsa mbande za tiyi kuchokera ku timitengo todula. Aphunzitsi a Yesaya, amene ankatsogolera masikauti pasukulupo, sanamubisire mawu. Theka la timitengoto likapanda kugwira mizu pofika mvula yoyamba, baji palibe.

Nthambi za tiyi Mtisunge anakapempha kwa azakhali ake ku Changata, amene anasiya dala mitengo ingapo osaithyola kuti italike, namuuziratu kuti zimenezi n'zakamodzi. Mwanayo anadula timitengo, kalikonse ndi tsamba lake limodzi, n'kutibaya m'machubu a dothi lofiira limene anasenza yekha pamutu. Kuseri kwa nyumba anamanga kashedi ka udzu. Atathirira, anavundikira machubu onse ndi pulasitiki yoonekera m'kati, m'mbali n'kukwirira ndi dothi kuti mphepo isalowe.

"Ababa, pamenepa pasakhudzidwe," anatero akusamba m'manja. "Aphunzitsi ati tiyi safuna kusokonezedwa akamagwira mizu. Ndizitsegula ndekha pothirira, mwa apo ndi apo."

"Ine ndikhudzirenji?" anayankha a Amosi. "Ndine mlonda ine. Ndikulonderanso ulere."

Koma ntchito ya ulonda ili ndi vuto lake. Munthu amaweruka m'mawa, nthawi imene anzake akupita kuntchito. A Lestina ankalawira ndi dengu kumsana kukathyola tiyi, mwana kusukulu, ndiye a Amosi akadzuka masana ankapezeka okha pakhomo, iwo ndi kashedi kaja. Ankakhala pambali pake n'kumayang'ana pulasitiki ikuchita thukuta m'kati. Zaka zonsezi tiyi ankamuona ali wamkulu kale, mathirakitala akutula masamba pageti. Koma kuti kamtengo kodula, kopanda njere, kasanduke mtengo? Nanga muzuwo utulukira pati, pansi kapena m'mbali? Umayamba woyera kapena wakuda? Mafunsowa anawadya mpaka tulo ta masana tinathawa.

Tsiku lina anafukula dothi la m'mbali, natukula pulasitiki, nazula kamtengo kamodzi. Panalibe muzu, koma kachipsera kotupa pamene panadulidwa. Anakabwezera, natsindira ndi chala chachikulu, nakwirira bwinobwino. Mawa lake anati mwina kaja kanali kaulesi, nazula kena. Mkuja kenanso. Anayenda nato mzere wonse mpaka pamene mkono wawo unkafika, tina kutibwereza kawiri, akudziuza kuti chinthu ukachibwezera pamalo pake ndiye kuti sunalakwe.

Chiperoni, nyengo yozizira ya nkhungu ija, chitatha, dzuwa litayamba kuluma, masamba anayamba kuda n'kumayoyoka. Mtisunge anasokonezeka. Anawonjezera madzi, sizinathandize. Anachepetsa, chimodzimodzi. Anakumba pansi kufunafuna chiswe, osachipeza. Madzulo ena anakhala pakhonde chakudya chili patsogolo, misozi ili mbwembwembwe.

"Ine mwina ndilibe dzanja la mbewu," anatero. "Ndikawauze aphunzitsi kuti ndalephera."

A Amosi chikumbumtima chinawatsutsa, koma pakamwa panatuluka zina. "Mwina ndi makoswe, mwanangu. Achuluka malaini ano."

Taonani, abale, bambo wamkulu ndi ndevu zake kunamizira khoswe! Ndipo chodabwitsa n'chakuti sanasiye. Tsopano ankazula pofuna kudzitonthoza, kuti akangoona muzu umodzi adziwe kuti si iwo akupha.

Koma mwanayo chidwi anatengera bambo ake omwewo, kungoti chake chinali cha maso, osati cha zala. Anaona kuti timitengo takufa tonse tili mbali yoyang'ana kunyumba, pomwe ta pakati ndi ta kuseri tili biriwiri. Khoswe wanji wosankha mbali? M'mawa wina, asanapite kusukulu, anasefa phulusa nawaza kuzungulira kashedi konse osauza munthu. A Amosi atadzuka analiona phulusalo, nati mayi akuthamangitsa nyerere, napondapo, nachita zawo za masiku onse.

Madzulo ali mkati momanga zingwe za nsapato kuti azipita kuntchito, anamva mawu kuseri.

"Amayi, tabwerani mudzaone khoswe wathu uja. Amavala jombo."

A Lestina anapita, nayang'ana pansi, nagwira m'chiuno. "Bambo a Mtisunge, tafikani kuno. Pakhomo pano wovala jombo ndani?"

A Amosi anafika akukoka miyendo. Mapazi awo anali atadindika paphulusa, mizere ya kuphazi kwa jombo yonse ikuoneka. "Ndimangofuna kuona," anatero chapansipansi. "Komatu ndimabwezeramo bwinobwino."

"Kuona! Inu, mwana wakhala akulira pakhonde pano, inu muli phee ngati simukudziwa kanthu?"

Mtisunge sanakuwe. Anangoti, "Ababa, timizu tikamayamba timakhala tanthete. Mukazula timaduka. Ine ndimayesa wolephera ndine."

Mawu amenewo anawalasa kuposa kukalipa kwa akazi awo. Anachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Timitengo tamoyo tinali titatsala pafupifupi theka lenilenilo, moti tingapo tikanangofa, ntchito yonse ikanapita m'madzi, ndipo ku Changata kunalibenso nthambi zina. Pofuna kukonza, a Amosi anati ali ndi mnzawo kunazale ya esiteti amene angawapatseko mbande zogwira kale, n'kuziika m'malo mwa zakufazo.

"Ndikavale baji ya mbande za eni?" anafunsa mwanayo. "Ingamandiyabwe pamkono. Tidikire zomwezi."

Kuyambira pamenepo a Amosi anayamba ntchito yovuta kuposa ulonda: kusakhudza. Mphasa imene ankakhalira pambali pa kashedi anaisamutsira kumaso kwa nyumba. Zala zikayabwa ankatenga ndowa n'kupita kumpopi, madzi n'kukatula patali ndi kashedi, kuti mwini wake adzathirire yekha. Mtisunge anayamba kutsegula pulasitiki pang'onopang'ono monga anaphunzitsidwira, kuti mbande zizolowere mphepo. Timphukira tobiriwira tinatuluka, koma mphukira nthawi zina zimatuluka muzu palibe, ndiye palibe amene ankadziwa chimene chinali pansi.

Mvula yoyamba itagwa, Loweruka lina, aphunzitsi a Yesaya anafika kumalaini ndi gulu lonse la masikauti likuimba, tinsalu tawo tili m'khosi. Anthu oyandikana nawo anatuluka kudzaonerera. Aphunzitsiwo anayenda mzere ndi mzere, napeza kuti zamoyo zapitirira theka pang'ono chabe.

"Masamba ali bwino," anatero, "koma tsamba limanama. Tione pansi."

Anasankha chubu chimodzi pakati penipeni, natulutsa lezala. Nkhani ya khoswe wa jombo inali itawafika kale, nanga kumalaini kuli chinsinsi? Anamwetulira. "A Nakoma, ndamva kuti muli ndi chidwi ndi zimenezi. Senderani pafupi, lero n'zololedwa."

Anthu anaseka, koma a Amosi anasendera ndithu, nagwada. Lezala inang'amba chubu, dothi linagawanika, ndipo apo! Mizu yoyera mbee, yambirimbiri ngati ulusi, itazinga dothi mpaka pansi. Yonse inkachokera pakachipsera kotupa kaja, kamene ankakaona tsiku ndi tsiku n'kumakayesa chabe.

"Kani umatulukira pamenepa!" anatero mokweza, kuiwala kuti pali anthu.

Aphunzitsi anang'amba china, n'chinanso, monsemo mizu. Kenaka anaimiritsa Mtisunge kutsogolo kwa anzake, namupatsa moni wa dzanja lamanzere monga amachitira masikauti, namuika baji m'manja. Anauza anthu kuti mwanayu anasenza dothi yekha, anathirira yekha, zitavuta anafufuza yekha, ndipo njira yachidule anaikana. Anzake anaomba m'manja, a Lestina nthungululu ili pakamwa mpaka mawu kusasa.

A Amosi anali chigwadire, mbande ya m'chubu chong'ambidwa ili m'manja mwawo. Anayang'ana mulu wa machubu opanda kanthu pambali pa kashedi, misozi inalengeza. Onsewo akanakhala mitengo. Chimene anachisaka ndi zala mpaka kuliza mwana wawo chinali kubwera chokha, ndipo amene anachionetsa ndi mwana yemweyo amene anadziwa kudikira. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.