Zida Zinayi, Manja Awiri

Loweruka masana, mbale zikachoka patebulo, mkazi wa Fyuzi ndi mkulu wa mkaziyo ankayala pepala lalikulu lojambulidwa mapiri ndi milatho, n'kukhuthula madayisi m'kachitini. Anali masewera a nkhani: mkuluyo ankasimba zochitika, wosewera aliyense n'kumayankhulira munthu wake wongopeka, ndipo madayisi ndiwo ankagamula ngati lupanga lafika kapena laphonya. Fyuzi, mmisiri wa magetsi, ankangomvera kuseka kwawo ali pakhonde. Tsiku lina mkazi wake anamukoka dzanja.

"Bwerani mundithandize, bambo. Sing'anga wangayu ndasewera naye kuyambira ndili mtsikana, ndipo muno munthu akafa wafa. Lero tikuwoloka mlatho wa zigawenga. Ndikufuna msilikali woima patsogolo panga."

Mlamu wake anamupatsa pepala la msilikaliyo. "Sankhani chida chomwe mudalire, alamu."

"Chimodzi? Ine kuntchito ndimanyamula bokosi lonse. Lembani uta, lupanga, nkhwangwa ndi chishango."

"Kunyamula nyamulani, koma manja ndi awiri. Uta umafuna onse. Kusolola chida china kumadya mpata wanu wonse wosewera. Kutaya pansi n'kwaulere, koma chomwe mwataya chatsala pomwepo."

Fyuzi anagwedeza mutu ngati wamva, chikhalirecho m'mutumo munali mutapiringizana ngati mawaya a nyumba yakale.

Zigawenga ziwiri zinatulukira kutsidya, msilikali wa Fyuzi ali ndi lupanga m'manja.

"Zili patali. Ndizilase ndi uta!"

"Mwabweza lupanga, mwagwira uta. Mpata wanu watha."

"Watha bwanji ndisanaponye?"

"Manja anali pantchito, alamu."

Mlamuyo anasuntha timabatani tiwiri papepala paja, zigawenga n'kufika pamphuno pa msilikali. Fyuzi anayang'ana uta, anaona kuti pafupi chonchi ndi ndodo chabe. Maso ake anagwera pa nkhwangwa.

"Menyani ndi utawo basi," anatero mkazi wake. "Chilichonse, bola mumenye."

"Dikirani, mayi. Nkhwangwa ndiye imathetsa nkhani."

Anasolola nkhwangwa, mpata n'kupitanso. Chigawenga china chinalambalala msilikaliyo n'kubaya sing'anga. Dayisi linagubuduzika, linaima poipa, ndipo mkazi wake anafufuta nambala ya moyo wa sing'angayo n'kulemba yochepa.

Apa Fyuzi mutu unaima. "Kodi panopa ndagwira chiyani? Uta uja uli kuti? Ayi, tayani nkhwangwa, ndimuphimbe ndi chishango. Kapena lupanga? Alamu, lupanga lija ndinataya kapena ndinabweza?"

"Munabweza. Ndiye mwati chiyani? Nenani chimodzi."

"Chishango!"

"Nkhwangwa yagwa pansi, chigawenga chaikankhira mumtsinje. Inu mukumangirira chishango pamkono. Mpata wanu watha."

Lamba wa chishangocho asanamangike, dayisi linagwanso. Chigawenga chinabayanso, sing'anga n'kufa. Mkazi wake anayang'ana pepala la sing'anga wake, lofewa ngati nsalu chifukwa chogwiridwagwiridwa, m'mphepete muli timaluwa tomwe anajambula ali pasukulu. Analipinda pang'onopang'ono.

"Alamu, tabwezani pang'ono nkhaniyi," anapempha Fyuzi. "Ndinali ndisanamvetse."

"Ndikabweza lero, mawa palibe adzaope dayisi."

Mkazi wake anaimirira. Sanakweze mawu. "Zida zinayi, bambo. Simunamenye ngakhale kamodzi." Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Fyuzi anatsala akuyang'ana pepala lake, akuwerengabe ndi chala kuti mpata woyamba uja unathera pati. Sanasowe mphamvu, sanasowe chida. Chilichonse mwa zinayizo chikanapulumutsa sing'anga chikanangokhalitsa m'manja. Koma chomwe sanagwire ndicho chinkamukomera nthawi zonse, ndipo za anthu otere akuluakulu ananeneratu kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.