Chimanga cha m'Mitengero

Panali mayi wina, dzina lake Ndaziona, amene ankalemba mapulogalamu a pakompyuta m'bungwe lina lothandiza alimi. Ntchito yake inali kupatsa makina malamulo. Lamulo lina linkati: mlimi akatchula chimanga ndi mbozi, mutumizireni malangizo pafoni pake.

Chaka china ntchemberezandonda zinagwa m'minda chimanga chili m'mawondo. Alimi analemba mauthenga ambirimbiri opempha thandizo. Makina anangoti zii.

Ndaziona anaunika lamulolo masiku awiri osapeza cholakwika. Tsiku lachitatu anaika mawu ake pambali pa mawu a mlimi wina n'kuwayang'anitsitsa. Pamenepo anaona. M'lamulo iye analemba chimanga, dzina lokhalokha. Koma mawu ochokera pafoni ankafika ali m'mitengero, "chimanga". Chinenero cha pakompyuta chimene ankalembera malamulocho chinkatenga dzina lopanda mitengero ngati chinthu china, mawu a m'mitengero ngati chinanso. Zilembo zinali zomwezo, koma makina ankati n'zosiyana.

Anadzambatuka pampando n'kuthamangira kwa mkulu wa ntchito, a Phwitiko.

"Ndapapeza, bwana. Tabwerani muone."

A Phwitiko anaona. "Ndiye lamulo lililonse mulilembe kawiri, lina la mitengero, lina lopanda."

"Malamulowo alipo mazana anayi. Pomwe tizimaliza, mbozi zikhala zitapita ndi minda. Ndiloleni ndikonze pamene makina amayerekezera mawu."

"Pamenepo sitigwirapo. Mukalakwitsa, zonse ziima."

"Zaima kale, bwana."

A Phwitiko anamukokera mpando. Ndaziona anatsegula malo aja n'kulembapo mizere itatu: zilembo zikafanana, mawuwo ndi amodzi, kaya ali m'mitengero kaya ayi. Anayesa pa malamulo angapo, onse anayenda. Ndipo anadina batani.

Uthenga woyamba unatuluka. Wachiwiri unatsatira, kenako anayamba kukhuthuka moti maso sankatha kuwatsata. Anzake anasiya ntchito n'kumuunjirira, mayi wina n'kuimba nthungululu mu ofesi momwemo. Dzuwa lisanapendeke, mlangizi wina wa zaulimi anaimba foni akupuma mwawefuwefu. Anati alimi adzaza pakhomo pake, mafoni m'manja, aliyense akufuna kuonetsedwa kapoperedwe ka mankhwala. Ndaziona anangogwira pakamwa, akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

Inu amene mukundimvera, munthu akabwera ndi pempho loona, koma osalinena m'kanenedwe kamene munazolowera, mumatani? Ambirife timamubweza, kapena timaonjezera malamulo. Yambani mwakonza mumtima, pamene mumayerekezera anthu. Alipo amene akhala akukuitanani kwa nthawi yaitali, ndipo akudikirabe yankho lanu.