Kapu ya madzi ozizira ya Don Fulgencio

Ku Villa Mella, pa chilumba china cha kutsidya kwa nyanja, akabaza onse ankadya mangú, nthochi zaziwisi zowiritsa n'kupota, pa lesitilanti ya Don Fulgencio. Mkuluyu akamapota ankathiramo kapu ya madzi ozizira uku akunong'ona mayina a makolo ake aakazi asanu ndi awiri. Woyambayo anabwera pa chombo kuchokera ku Africa, unyolo uli m'khosi, kudzadula nzimbe. Panalibe chimene anatenga kwawo kupatula luso la m'manja.

Mwana wamkazi wa Don Fulgencio, Yudelka, amene anali atabwerako ku New York, zimenezi zinkamuchititsa manyazi.

"Adadi, nsembe za mizimu pa malo a bizinesi? Za akapolo zinatha kale."

Mkulu uja anangoti, "Loweruka uphike wekha. Anthu akakhuta, malo ano ndi ako. Zikavuta, ndipatsa msuweni wako."

Loweruka Yudelka analawirira. Anakazinga mazira, tchizi ndi soseji ya salami, anyezi ananunkhira mpaka kumsewu. Nthochi anapota mwamphamvu ndithu, koma kapu ija anaikankhira kutali. Kuti afunse ntchito ya madziwo, ayi, mtima unali m'mwamba. Anapakuliratu mbale makumi atatu n'kukhala pansi monyadira.

Pofika akabaza, mangú anali atazizira. Wilkin, kasitomala wa zaka khumi, anabaya foloko, foloko n'kupindika. Analuma ndi mano, ndipo anthu anamva kuti gwa! Dzino lake lagolide linagubuduka patebulo.

"Mayo ine! Achemwali, mwatiphikira simenti?" anakuwa Wilkin atagwira tsaya.

"Tinyamule tikakwirire maenje a mumsewu!" anatero mnzake, koma palibe anaseka. Mmodzimmodzi analiza njinga zawo n'kuwoloka msewu kukadya kutsidya.

Yudelka anaika manja m'mutu, mantha atamugwira. "Adadi, mizimu yanu yandilanga!"

"Mizimu iti, mwanawe? Potchula mayinawo ndimangothokoza amene anatiphunzitsa. Madzi ozizira ndi a nthochi, kuti zisaume zikapola. Miyezi itatu wakhala ukundinyogodola, tsiku limodzi lokha unandifunsapo?"

Madzulo makiyi anapita kwa msuweni. Yudelka anakhala kuseri akukanda ndi mpeni mbale makumi atatu zija, misozi ili mbwembwembwe. Pachilumba pano kapena kutsidya kwa nyanja kumene anachokera mayi woyamba uja, mawu ndi amodzimodzi: safunsa anadya phula.