Tsiku Limene Chimpira cha a Gomile Chinagwa Msanga

Ana inu, mawu ena amene timangowatchula lero anabadwira m'misozi.

Kalekale, padoko lina la kunyanja yamchere, panali bambo wina dzina lake Gomile. Ntchito yake inali kugwetsa chimpira chachikopa kuchokera pamwamba pa mlongoti, dzuwa likafika paliwombo. Chikagwa, munthu wina kugombe ankaimba ng'oma, ndipo oyendetsa zombo ankakonza mawotchi awo. Paja pakati pa nyanja palibe phiri kapena mtengo. Wotchi ndi dzuwa ndizo zinkawauza pamene afika.

Tsiku lina mwana wake wamkazi, Nagama, ankanyamuka ulendo pamodzi ndi mwamuna wake Tsamwa, woyendetsa chombo.

"Bambo, ng'oma yanu ikangolira, ife tapita," anatero Nagama potsanzika.

"Muyende bwino, mayi. Ng'oma imeneyi sinanamepo."

Gomile anakwera kuchitunda kumene kunali mlongoti uja, nakweza chimpira, nayamba kuyang'ana mthunzi wa mlongoti. Mthunziwo ukadali wautali, anangomva kuti phwa! Chingwe chinali chitafumbwa m'kati, pamene maso saona. Chimpira chija chinagwa, ndipo kugombe ng'oma inalira.

Gomile anazindikira kuti Tsamwa wakonza wotchi yake pa nthawi yolakwika. Kenaka anatsika chothamanga, akupunthwa, akufuula.

"Nthawi sinakwane! Bwererani! Nagama!"

Koma chombo chinali chitatambasula kale matanga, ndipo mphepo inamubwezera mawu ake kumaso. Padokopo panalibe bwato loti n'kuchipeza.

Kuyambira pamenepo Gomile chakudya sichinkamukomanso. Mwezi usanathe, asodzi anafika ndi Tsamwa yekha, popanda Nagama, miyendo ili mabala okhaokha.

"Apongozi," anatero Tsamwa, "wotchi inkanena kuti miyala ili kutali. Kunali nkhungu. Nagama ankapeta mpunga, akuseka. Sitinamve chenjezo lililonse, chombo chinagunda miyala, tinangoona madzi ali m'chiuno."

"Nanga mwana wanga?"

"Nyanja inamutenga," anatero Tsamwa.

Gomile anakhala pansi pamchenga, kukamwa kuli yasa. Anthu anamuzinga. Kenaka Gomile analankhula motsitsa.

"Ine ndinkayesa kuti chilichonse chimayamba chadziwitsa. Kani chakudza sichiimba ng'oma."

Mawuwo anatsala pakamwa pa anthu mpaka lero: chakudza sichiimba ng'oma. Tanthauzo lake n'lakuti tsoka silituma mthenga. Limam'peza munthu akuseka, pamene akuyesa kuti zonse zili bwino. Choncho yang'anani chingwe chanu chisanaduke, ndipo mnzanu akagwa m'mavuto musamuseke, pakuti nayenso sanauzidwe.