Suti Yoyera ndi Matayala Akutsogolo

Kumunsi kwa mapiri a tiyi, pa kamsika kena pamene phula amathera, panali telala wina. Ankasoka pakhonde la golosale, ndipo ntchito yake inali yosachita kufunsa. Koma chimene anthu ankamudziwa nacho kwambiri sichinali ulusi ayi, unali ukhondo. Munthu ameneyu ankasita ngakhale kampango kopukutira thukuta. Mzere wa thalauza lake unali wakuthwa moti anzake ankati ntchentche ikaterapo imachoka ikutsimphina. Kukagwa mvula, ulendo wa kumsika wokha unkamutengera ola lathunthu chifukwa chosankha poponda.

Telalayu anali ndi loto limodzi, ndipo analinyamula kuyambira ali mwana. Bambo ake anali dalaivala pa esiteti ya tiyi, ndipo ankayendetsa galimoto ija yamakedzana ya m'tchire, yamakona ngati bokosi, yamaso awiri oyandikana, tayala lapadera lili pamphuno. Kumapeto kwa mwezi ankamukweza kumbuyo, pakati pa matumba a feteleza, n'kukwera naye phiri kupita kumudzi. Nkhungu inkatsika n'kuphimba minda, mitengo ya bulugamu inkaoneka yopanda tsinde, ikungoyandama, ndipo mwanayo ankakhulupirira ndithu kuti galimoto yasiya nthaka, ikuyenda pamitambo. Bambo aja anamwalira, esiteti inasintha eni, galimoto inaiwalika. Koma telala akamapalasa makina ake masana, maso ali pa singano, mtima unkakhala uli m'nkhungu muja.

Tsiku lina anaipeza. Inali kuseri kwa shedi yakale, matayala ataphwa n'kulowa m'dothi, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala, makoswe atamanga mudzi pamene panali injini. Wina aliyense akanaona chiphapha. Iye anaona bambo ake. Eni esiteti atamva kuti akuifuna anaseka, n'kumuuza kuti aichotse msanga chifukwa ikuwadyera malo. Anaikoketsa ndi thirakitala mpaka ku galaja ya a Namakhwa, makanika wachikulire amene ankalankhula pang'ono ngati kuti mawu amachita kugula.

Inakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri. Telala anasoka mayunifolomu a sukulu, a kwaya, a amayi a mumpingo, ndipo thukuta lonse linkathera ku galaja. Mkazi wake ankangoti, “Mukanandiuza kuti mwatenga mitala, bwenzi nditakamuona mkazi mnzangayo.” A Namakhwa anapala dzimbiri, anawotcherera monse mmene munadyeka. Anaikamo injini ya dizilo ya masiku ano, yolira motsitsa koma yamphamvu zoopsa. Anaika mabuleki atsopano, magetsi owala, chiwongolero chofewa choti n'kutembenuza ndi chala chimodzi, ngakhalenso mphepo yozizira ya m'kati. Mipando anasoka telala mwini wake, msoko uliwonse wowongoka bwino. Penti anasankha wobiriwira, mtundu wa tiyi wophukira kumene.

Tsiku lokatenga makiyi anapita ndi mwana wake Tinyade, mtsikana mmodzi yekhayo amene Mulungu anawapatsa. A Namakhwa anawatengera ku tayala lakutsogolo n'kunyonyomala. Pakatikati pa tayala panali kachitsulo kozungulira, kokhala ndi pogwira.

“Awa ndi mahabu,” anatero. “Zonse ndasintha, koma awa ndawasiya mmene analili. Pa phula galimoto imayenda ndi matayala akumbuyo okha. Mukafika poipa, musanalowe, mutsike mupotoze aka ndi dzanja, mbali ino ndi mbali inayo. Mukapanda kutero, injini ilire bwanji, mphamvu siifika kutsogolo.”

“Palibe batani loti ndingodina ndili m'kati?” anafunsa telala.

“Palibe. Pamafunika kutsika.”

Telala anagwedeza mutu movomera, koma khutu lake linali ku injini. Mumtima ankati, injini ngati imeneyi, matope angaiuze chiyani?

Chaka chomwecho Tinyade anapeza banja. Ukwati unali woti ukadalitsidwe ku tchalitchi cha kumudzi, pamwamba pa phiri paja. Kumeneko abusa ndi mmodzi, mipingo isanu ndi inayi, ndipo amafika pa njinga yamoto kamodzi pa miyezi itatu. Mukawaphonya pa tsiku lanu mudikira miyezi ina itatu, koma mbuzi zophedwa kale sizidikira munthu. Achibale onse anatsogola Lachisanu pa lole. Telala anati mkwatibwi amutenga yekha m'mawa wa tsikulo, pa galimoto ya agogo ake a mwanayo.

Diresi la ukwati analisoka milungu isanu ndi umodzi, mkanda uliwonse kuika ndi dzanja. Anadzisokeranso suti yoyera mbee. Akatsinzina ankadziona kale: galimoto yobiriwira ikutuluka m'nkhungu, nthungululu ikudzaza phiri, iye akutsika wopanda ndi kabanga komwe, akutsegulira mwana wake chitseko anthu onse akuona.

Kutatsala masiku atatu kunabwera chiperoni, kamvula kaja kosamveka padenga koma kolowa mpaka m'mafupa. Loweruka m'mawa ananyamuka atatu: telala pa chiwongolero, Tinyade pambali pake, ndi azakhali a mwanayo kumbuyo atafungatira keke.

Pothera phula penipeni panali mtengo wa mkuyu, ndipo pansi pake panali pouma bwino. Mawu a a Namakhwa anamubwerera, phazi mpaka linafika pa buleki. Koma pamenepo panali anthu. Akabaza anasiya njinga zawo, amayi ogulitsa nthochi anaimirira, onse kuonerera galimoto ndi mwini wake. Anyonyomale pamaso pa khamu lonseli atavala suti yotere? Ndiye kachitsulo kaja kanali ndi girisi. Analiza huta kawiri, anakweza dzanja ngati bwana wamkulu, n'kupitirira.

Kunena zoona, poyamba loto lija linali lenileni. Msewu unkakhota ukukwera, nkhungu inkabwera m'magulumagulu n'kutseguka yokha kuti adutse. Minda ya tiyi inkaoneka kenako n'kusowa. Apo ndi apo munkatuluka mayi wothyola tiyi, dengu lili kumsana, miyendo yosaoneka, n'kumiranso m'zoyera muja. Injini inkangong'ung'udza chapansipansi, fungo la bulugamu wonyowa likulowa pawindo. Tinyade anatsamira pagalasi.

“Ababa, ndi kuno munkanena kuja?”

“Ndi komweku, mwanawe.”

Misozi inalengeza m'maso mwa telala. Anali wokondwa monga sanakondwepo chiyambire.

Kenako msewu unatsetsereka kulowa m'kadambo, pamene lole ya dzulo inasiya itakumba. Galimoto inalowa, inagwedeza matako, n'kuima. Telala anakoka giya ya m'matope n'kuponda mafuta. Injini inabangula bwinobwino, pakuti inali injini yabwino. Matayala akumbuyo anazungulira, akuponya matope m'mwamba. Akutsogolo anangokhala phee, ngati nkhaniyo sikuwakhudza. Anapondanso, ndipo kumbuyo kunatsika.

“Achimwene, keke ikupendekeka!” anakuwa azakhali.

Pomwepo foni inalira. Anali mkazi wake, akuimba ali kutchalitchi. “Muli pati? Kwagwa maliro ku mpingo wina, abusa akuti ikakwana leveni anyamuka. Mkwati, mwana wa eni ake, waima yekhayekha kutsogolo kuno, anthu ayamba kunong'onezana.” Nthawi inali itapitirira kale teni.

Chimene chimandipweteka pa nkhani imeneyi, abale anga, n'chakuti telala sanaiwale. Ankadziwa bwino lomwe chochita. Anatsegula chitseko n'kuyang'ana pansi. Katondo wofiira, wonyezimira, anali atafika pakati pa tayala, kachitsulo kaja katamira theka. Pansi pa mkuyu paja pakanangofunika kuwerama, koma pano panafunika mawondo onse awiri. Anayang'ana suti yake. Anatseka chitseko. Anasuzumira m'nkhungu kuti mwina mutuluka munthu woti amutume, koma munthu akanachokera kuti, mudzi wonse uli ku ukwati? Anaponda mafuta kachitatu, mwaukali, mpaka fungo la labala wopserera linadzaza m'galimoto. Inatitimira kuposa kale.

Atachotsa phazi kunali zii. Ndiye anamva chitseko china chikutseguka. Atacheuka anaona Tinyade atakwinyira diresi lake m'manja, nsapato imodzi atavula, phazi lili m'malere pamwamba pa matope.

“Ukupita kuti?”

“Ndinamva zimene ananena a Namakhwa, ababa. Inu khalani, ndikapotoza ndine. Suti yanu ingade.”

Mawu amenewo analibe mwano ngakhale pang'ono, ndipo n'chifukwa chake analasa. Mwanayo ankanena zochokera pansi pa mtima. Anali atakula akudziwa kuti pa zinthu zonse zoyera za padziko lino, yoyenera kutetezedwa ndi nsalu ya bambo ake, osati diresi lake la tsiku limodzi lokha. Telala anagwidwa ndi manyazi aakulu, oposa aja ankawathawa pansi pa mkuyu.

“Bweza mwendo, mwanawe,” anatero.

Anatsika. Nsapato zinamira nthawi yomweyo. Anagwada, ndipo kuzizira kwa matope kunaboola thalauza n'kufika pakhungu. Ndi zala zake zija zozolowera nsalu zosalala anafukula katondo mpaka kachitsulo kanaoneka. Anakagwira ndi manja awiri. Kanakana, kanakananso, kenako kanati khethe. Anazungulira chokwawa kupita ku tayala linalo. Ali chigwadire pamenepo anakumbuka kanthu kamene loto lake linali litasiya. Bambo ake ankaima asanafike pa dambo lililonse, n'kusowa kanthawi kutsogolo kwa galimoto. Iye ali kumbuyo kuja sankafunsa kuti apita kuti, ankangoona mitambo. Koma thalauza la bambo ake linkakhala lofiira m'mawondo masiku onse.

Anabwerera pa chiwongolero. Ulendo uno sanaponde mwamphamvu, anangokhudza pang'ono. Galimoto inanjenjemera, matayala onse anayi anamvana, ndipo inatuluka m'dzenje muja pang'onopang'ono ngati ng'ombe yodzuka pogona.

Anafika pa tchalitchi abusa atavala kale chipewa cha njinga, phazi lili pa kiki yolizira njingayo. Galimoto yobiriwira inatulukadi m'nkhungu, koma yofiira mpaka m'mawindo. Munatsika munthu wamatope kuyambira kumapazi mpaka m'zigongono, amene anatsegulira mkwatibwi chitseko kenako n'kubisa manja kumbuyo poopa kukhudza diresi. Nthungululu inachedwa pang'ono, ndipo ena anaseka, osabisa. Abusa anayang'ana mawondo aja kanthawi, kenako anavula chipewa n'kubwerera m'kati.

Telala anafuna kutsalira panja kuti asachititse mwana wake manyazi. Koma Tinyade anamugwira mkono wamatopewo, dala, n'kuukolowekera m'wake. Analowa awiri, pang'onopang'ono, mpaka kutsogolo kumene mkwati anali kudikira. Pa mkono wa diresi panatsala chidindo chofiira, ndipo mwanayo sanachipukute.

Abale ndi alongo, ambiri a ife Mulungu anatipatsa kale mtima watsopano. Mphamvu ilipo, ndipo si yoperewera. Koma pali kanthu kamodzi kamene sanatiikire batani loti tingodina tili pampando, ndiko kudzichepetsa. Kumeneko kumafuna kutsika. Tikatitimira m'banja, tikatitimira ndi m'bale wathu, tikatitimira m'tchimo limene tikulidziwa dzina, timathamangira kuponda mafuta. Timakweza mawu, timawonjezera zifukwa, mwinanso timaimba mokweza kuposa onse Lamulungu, koma tikungokumba dzenje lathu lomwe. Mawu oti “ndalakwa” tikuwadziwa, pogwada tikupaona, koma timayang'ana suti.

Gwadani pakadali pouma. Mukachedwa mudzagwadabe, kungoti mudzagwada m'matope. Ndipo inu amene mwakhala chikhalire pampando mukuti nthawi ilipo, cheukani muone. M'nyumba mwanu momwemo muli wina amene amakukondani, wavula kale nsapato kuti agwade m'malo mwanu pa cholakwa chimene sanachite. Musamulole aponde pansi. Tsikani ndinu.