Chala cha Fanuwelo

Kalekale, osati kale la mikango ayi, koma kale lija masinki atangoyamba kulowa m'nyumba za ku Kawale, kunali telala wina dzina lake Fanuwelo. Banja lake lonse linkadya ndi dzanja lake lamanja. Likagwira singano, pakhomo pankafuka utsi. Likapuma, mbaula inkazizira. Mkazi wake Esinala atabereka mwana woyamba, amayi ake a Esinalayo, a Nankhoma, anabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza.

Tsono a Nankhoma anali a mwambo weniweni. Kwawoko mpongozi ndi mkamwini sakhala chipinda chimodzi, sayang'anana m'maso, kukhudzana ndiye musanene n'komwe. Fanuwelo akalowera khomo lakutsogolo, iwo ankatulukira lakuseri. Moni ankapatsana khoma lili pakati.

Koma sinki, eee, inawasangalatsa mayiwo! Dzenje lomeza chilichonse popanda kupita kudzala! Masamba a tiyi momwemo, mafuta otsala m'chiwaya momwemo, mitu ya usipa, makoko a m'poto, zonse momwemo. Madzi anayamba kutsika mwaulesi, kenako anangoima nji! Fungo lake ntchentche zinachita kuitana abale awo.

Fanuwelo anauza mkazi wake chapansipansi kuti, "Amayi a mwana, tawauzaniko amayi kuti sinki si dzala."

"Ndiwauza, bambo," anatero Esinala. Koma sanawauze.

Tsiku lina m'mawa Esinala anabereka mwana kumsana kupita kusikelo. Fanuwelo anati lero ndithana nayo sinkiyi. Anathira madzi owira, osatheka. Anathira soda, osatheka. Anapopa ndi chopopera cha labala mpaka thukuta kamukamu, madzi ali chiimire. Ndiye anavula shati, n'kugona chagada m'kakabati ka pansi pa sinki, n'kumasula paipi yokhota ija. Zonyansa zonse khuthu, pamimba pake! Koma chotseka chenicheni chinali mkati, m'paipi yachitsulo yolowa m'khoma. Anapisamo chala cha mkombaphala cha kumanja, n'kuchikhudza pang'ono. Anakankha, n'kukankhanso, mpaka mfundo ya chala inalowa. Pofuna kutulutsa, dzimbiri linamuluma. Akakoka, likumucheka, akasiya, chala chikutupa. Sopo anali pamwamba pa sinki pomwepo, koma dzanja lamanzere silinkafika.

Inu mukusekatu? Sekani, sizinakuonekereni.

Kuseri kwa khoma apongozi anali kuchapa matewera, ndipo Fanuwelo ankawamva bwinobwino. Koma awaitane bwanji ali chagada, mimba pamtunda, buluku lili lonyowa? Anangotsokomola. A Nankhoma atamva kutsokomolako anati mkamwini akufuna kudutsa, ananyamula beseni lawo n'kusunthira kutali, patsinde pa mango.

Dzuwa linakwera. Chala chinayamba kugunda ngati chithupsa. Fanuwelo analuma mano, analuma, mpaka anafunsa khoma kuti, "Kodi kunjako kuli anthu?"

A Nankhoma anayandikira, n'kusuzumira pakhomo. Ataona miyendo ndi mimba ya mkamwini, anati "Mayo ine!" n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Anathamanga kukafuna mwamuna woti athandize. Khomo ili loko, khomo ilo loko, anthu onse ali kuntchito ndi kumsika, ndipo mlendo m'tauni sadziwa kogogoda. Anabwerera n'kuima pakhomo pa khitchini, phazi limodzi mkati, lina kunja, misozi ili chuchuchu. Mkatimo munthu ankabuula, iwo ankalira kunja, koma panalibe wotchula mnzake.

Chimene chinawalowetsa n'chakuti kubuula kuja kunaleka. Anati, "Mwana wa eni akundifera ndikuona!" Analowa chitenje chili kumutu, anagwada, anapaka sopo chalacho, n'kugwira mkono wa mkamwini wawo ndi manja awiri. Anapotoza, anakoka, chala phu! Koma chinatuluka chakuda bii, chozizira. Kuchipatala anayesa zoyesa, mapeto ake anachidula. Kuyambira pamenepo singano inkangomupulumuka Fanuwelo, ndipo makasitomala anayamba kudutsa ngati sakumudziwa.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi kuti amve nkhaniyi.

A Nankhoma anayankhula atafulatira. "Ine ndi amene ndinatseka chinthucho, sindikana. Koma anandiuza ndani? Kwathu madzi timataya panja. Ndinazengereza pakhomo chifukwa amayi anga anandiphunzitsa kuopa mkamwini. Komabe amene anamuchotsa ndine, ndipo manja angawa achita zimene sindidzazinena kumudzi."

Esinala anati, "Ndinkaona zonse. Koma mayi wokubereka, wasiya munda wake kudzakuchapira matewera, umuuze kuti, 'Amayi, simudziwa kutsuka mbale'? Akanakwera basi tsiku lomwelo, ndipo inu nomwe mukanati Esinala tauni yamuzunguza mutu."

Fanuwelo anakweza dzanja lake la zala zinayi. "Ndikanakuwa msanga, bwenzi chala changa chilipo, ndikudziwa. Koma ndikanakuwa, bwenzi lero mukuti mkamwini wopanda mwambo anaitanira apongozi ake mimba ili pamtunda. Ndinasunga ulemu wanu. Nanga mwanayu ndimudyetsa ulemuwo?"

Ankhoswe anangoyang'anana. Wina anayang'ana kudenga, wina anayamba kufunafuna fodya m'thumba. Mpaka dzuwa kupendeka, mlandu osagamulidwa.

Ine ndiye musandiyang'ane, ndili ndi apongozi anga ndipo ndikufuna kufa ndi zala zonse. Mlanduwu ndautula kwa inu. Pa atatuwa panalibe woipa mtima, aliyense anachita zimene anamulera nazo, koma chala chinakwiriridwa mwini wake ali moyo. Tandiuzani tsono: anadula chala cha Fanuwelo ndani? Mayi amene anaima pakhomo, mkazi amene anatseka pakamwa, kapena mwini chala amene anatsokomola m'malo mokuwa?